Mphindi Zimene Zinasowa: Mafilimu Oopsa Akale ndi Sizasi

Mu Januwale 1932, kampani ya MGM ya ku America inaitana anthu kuti adzaonere filimu yatsopano isanalowe pamsika. Filimuyo inali Freaks, ndipo anaitsogolera ndi Tod Browning, yemwe mu 1931 anali atapezetsa kampani ya Universal ndalama zankhaninkhani ndi filimu ya Dracula. Nkhani yake ndi ya gulu la anthu ochita zionetsero loyendayenda m'matauni. Mkazi wina wokongola wa m'gululo, Cleopatra, akukwatiwa ndi Hans, mwamuna wamfupi kwambiri, pongofuna chuma chake, kenako akuyamba kumuthirira poizoni mogwirizana ndi chibwenzi chake. Anzake a Hans atatulukira chiwembucho, akubwezera usiku wa mvula yamkuntho. Browning sanafune anthu odzola zinthu kumaso kuti aoneke achilendo. Anatenga anthu aulumali enieni amene ankadyera ntchito yomweyo: Johnny Eck amene anabadwa wopanda miyendo, Prince Randian amene analibe manja ndi miyendo yomwe, komanso mapasa olumikizana thupi, Daisy ndi Violet Hilton.

Oonera aja sanapirire. Ena anatuluka filimu ili mkati, ndipo mayi wina anaopseza kuti asumira kampaniyo ponena kuti wapita padera chifukwa cha zimene anaona. Akuluakulu a MGM anagwira sizasi. Filimu ya mphindi pafupifupi 90 inatsala ya mphindi 64. Mwa zimene zinachotsedwa munali mbali yaikulu ya kubwezera kuja, kuphatikizapo chigawo chosonyeza kuti chibwenzi cha Cleopatra anachifula. Kudulako sikunathandize. Filimuyo inaluzabe ndalama, ndipo ku Britain inakhala yoletsedwa mpaka 1963. Lero Freaks ndi filimu yolemekezeka, moti mu 1994 inalembedwa m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa amene amayang'aniridwa ndi Library of Congress. Koma mphindi zodulidwa zija palibe anazipezanso. Chimene chinatsala ndi mapepala a nkhani yake.

Tiyang'ane bwino dzanja limene linagwira sizasi pamenepa. Silinali la boma, la mbusa kapena la wapolisi. Linali la mwini filimu, poopa kuluza. Anthu okonda mafilimu oopsa akale akamadandaula za zigawo zimene zinasowa, mlandu wonse amausenzetsa mabungwe ounika mafilimu. Mabungwewo ali ndi mlandu wawo ndithu, ndipo tiufika. Koma kudula ndi kutaya ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wotaya nthawi zambiri anali mwiniwake.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kudziwa mmene filimu inkapangidwira kusanabwere makompyuta. Kamera inkajambula pa lamba wautali wa pulasitiki, ndipo lambayo akatsukidwa ankatuluka negetivi, ngati ija ankatipatsa ojambula zithunzi pamodzi ndi zithunzi zathu. Kuchokera ku negetivi imodziyo ankasindikiza makope otumiza m'nyumba zoonetsera kanema, kope lililonse lili m'mipukutu ingapo yoikidwa m'zitini. Negetivi ili ngati mbewu imene mlimi amapatula atakolola, pamene makope ndi chimanga chokagayitsa. Wodula kope wangowononga chimene anthu a m'tauni imodzi akanaona. Wodula negetivi n'kutaya zidutswazo wadya mbewu, ndipo kope lililonse lobwera pambuyo pake lidzakhala loperewera.

Amene ankadula

Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 1915 kuti mafilimu ndi malonda chabe, sakutetezedwa ndi ufulu wa kulankhula. Chigamulocho chinakhalapo mpaka 1952. Pa nthawi imeneyi maboma a zigawo monga Pennsylvania, Ohio, Kansas, Maryland, New York ndi Virginia anali ndi mabungwe awoawo ounika mafilimu, lililonse ndi zokonda zake ndi zodana nazo zake. Filimu imodzi inkatha kuoneka mosiyana m'zigawo zoyandikana. Bungwe la ku Maryland ndilo linatsalira kumapeto, linatsekedwa mu 1981. Makampani akuluakulu a ku Hollywood, potopa ndi chisokonezo chimenechi komanso poopa mipingo, anadziikira okha malamulo a zimene siziyenera kuoneka pa kanema. Malamulowo, amene amadziwika ndi dzina la Will Hays, analembedwa mu 1930 koma anayamba kuluma mu 1934, Joseph Breen ataikidwa kukhala woyang'anira.

Vuto linagwera mafilimu amene anali atapangidwa kale. Kampani ikafuna kutulutsanso filimu yakale kuti ipange ndalama kachiwiri, inkayenera kuikonza kuti igwirizane ndi malamulo atsopanowo, ndipo njira yotchipa inali kudula negetivi imene. Ndi zimene zinachitikira Frankenstein ya mu 1931, ya James Whale. Muli chigawo chimene chilombo chopangidwa ndi munthu chija, chimene ankasewera Boris Karloff, chikumana ndi kamtsikana kotchedwa Maria m'mphepete mwa nyanja. Awiriwo akuponya maluwa m'madzi n'kumasangalala kuti akuyandama. Maluwa atatha, chilombocho, mwa umbuli wake, chikunyamula mwanayo n'kumuponyanso m'madzi poganiza kuti nayenso ayandama. Mwana akumira, chilombo chikuthawa chili njenjenje ndi mantha.

Ounika anati kuonetsa mwana akuponyedwa m'madzi n'kosayenera, ndipo anadula pamene chilombo chikutambasulira manja kwa mwanayo. Taganizani tsono zimene woonera ankatsala nazo. Chilombo chikufikira kamtsikana, chithunzi chikudumpha, ndipo patsogolo pake bambo akudutsa pakati pa mudzi atanyamula mtembo wa mwana wake zovala zili zosokonekera. Ngozi ya chilombo chopanda nzeru inasanduka chinthu choipa kwambiri m'mutu mwa woonera, choipa chimene Whale sanajambule n'komwe. Anthu anaonera Frankenstein yotere kwa zaka pafupifupi 50, mpaka chigawocho chitapezeka m'nkhokwe ya mafilimu ya dziko la Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

King Kong ya mu 1933 inakumana ndi sizasi ziwiri. Poitulutsanso mu 1938 anachotsa zigawo zimene chinyani chija chikutafuna anthu, kuwaponda ndi kuvula mkazi zovala. Zimenezo zinapezeka mu 1969 n'kubwezeretsedwa. Koma chigawo chotchuka kwambiri, cha amalinyero ogwera m'chigwa n'kudyedwa ndi akangaude akuluakulu, anachichotsa ndi mwini filimu, Merian C. Cooper, ponena kuti chinkaimitsa nkhani. Chimenecho sichinaonekenso. Mu 2005 Peter Jackson anachita kuchipanganso mongoyerekeza, potsatira zojambula ndi zithunzi zimene zinatsala.

Amalonda a m'mbali mwa msewu

Kunja kwa mpanda wa Hollywood kunali anthu ena amene malamulo a Hays sankawakhudza, chifukwa sanali mamembala a bungwe la makampani akuluakulu. Awa ndiwo eni mafilimu amene a malonda a kanema amawatcha exploitation: mafilimu otchipa, ojambulidwa masiku owerengeka, amene chokopa chake chinali chinthu choletsedwa, kaya magazi, maliseche kapena mankhwala ozunguza bongo. Munthu ngati Dwain Esper, amene anapanga Maniac mu 1934, ankanyamula zitini za filimu pagalimoto, kuchita lendi holo, kumata zithunzi zokopa, kutolera ndalama pakhomo n'kusamuka apolisi asanadzuke. Esper yemweyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anapeza ufulu woonetsa Freaks, n'kumaizunguza m'matauni pansi pa mayina ena onyansa.

Amalonda amenewa ankasunga makope amitundu iwiri, limene iwo ankati lozizira ndi limene ankati lotentha. Lozizira linali la kumene kuli bungwe lounika kapena mkulu wa apolisi wovuta. Lotentha linali la kumene kulibe woyang'ana. Nthawi zina ankaonetsa lozizira, n'kudikira wapolisi atuluke, kenako n'kuika mpukutu wina wapadera kuti anthu asafune ndalama zawo. Ankadula filimu ya wina n'kuilumikiza ndi yawo, ankasintha dzina chaka ndi chaka kuti anthu omwewo alipirenso. Choncho munthu akafunsa lero kuti filimu yathunthu ya mtundu umenewu ili kuti, kawirikawiri akufunsa chinthu chimene sichinakhaleko. Panali makope osiyanasiyana basi, lililonse loyenerera msika wake.

Kwa anthu amenewa, kuletsedwa kunali chitsatso chaulere. Blood Feast ya mu 1963, imene ambiri amaitenga ngati filimu yoyamba kugulitsa magazi ndi ziwalo poyera, anaijambula ku Miami ndi madola pafupifupi 24,500. Woitsogolera, Herschell Gordon Lewis, anagwiritsa ntchito lilime la nkhosa pa chigawo chozula munthu lilime. Mnzake pa malondawo, David F. Friedman, ankagawa timatumba tosanziramo pakhomo, ndipo anachita kukonza yekha zoti filimu yake iletsedwe m'tauni ya Sarasota kuti nyuzipepala zilembe. Mu 1976 Allan Shackleton anatenga filimu yosagulika imene inajambulidwa ku Argentina, anaiwonjezera mathero atsopano, anaitcha Snuff, n'kufalitsa mphekesera yoti mkazi wa kumapetoko anaphedwa zenizeni. Analemba ganyu anthu oti azichita zionetsero zotsutsa filimuyo, ndipo posakhalitsa kunabwera otsutsa enieni. Oimira boma pa milandu ku New York anafufuza, mkaziyo anamupeza ali moyo wathanzi, koma Shackleton anali atatolera kale zake.

Makope a mafilimu otere anali ochepa, ndipo ankayenda kuchoka holo ina kupita ina mpaka kutha. Aliyense amene linadutsa m'manja mwake ankatha kudulapo. Wes Craven ankafotokoza kuti makope a filimu yake yoyamba, The Last House on the Left ya mu 1972, ankabwerera ali zidutswazidutswa. Eni maholo ena ankadula chifukwa chonyansidwa, oyendetsa makina ena ankadula tizigawo tokawasangalatsa n'kupita nato kunyumba, moti panafunika chipinda chapadera chongolumikizira makope obwerera. Mwiniwakeyo nayenso si woyera. Ankanena yekha kuti atadula filimuyo kuti ipeze chiphaso, anabwezeretsa zimene anadulazo mwakachetechete. Mpaka lero filimu imeneyi ili ndi makope a utali wosiyanasiyana.

A kuno kwathu amene anaonerako kanema m'holo nthawi ya Kamuzu akuidziwa sizasi imeneyi. Lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu la mu 1968 linakhazikitsa Censorship Board, ndipo filimu inkangodumpha mwamuna ndi mkazi akayandikizana milomo. Koma bungwe lathulo linkadula kope limene lafika m'dziko muno. Negetivi inali kutali, ku London kapena ku Los Angeles, ndipo chimene chinachotsedwa ku Blantyre sichinasowe padziko.

Mu 1968 America inasiya malamulo a Hays n'kuyamba kugawa mafilimu potsata zaka za oonera. Pamapepala palibe amene ankakakamizidwa kudula. Koma filimu ikapatsidwa chilembo cha X, nyuzipepala zambiri zinkakana kuitsatsa ndipo maholo ambiri ankakana kuionetsa, ndiye wofuna phindu ankadula mpaka apeze chilembo chofewerapo cha R. My Bloody Valentine, yojambulidwa mu mgodi wa malasha ku Nova Scotia m'dziko la Canada, inatuluka mu Febuluwale 1981, patangopita miyezi iwiri woimba John Lennon atawomberedwa, anthu ali okwiya ndi chiwawa. George Mihalka, amene anaitsogolera, ankati inadulidwa mphindi pafupifupi 9. Mu 2009 zinabwezeretsedwa pafupifupi 3 zokha, ndipo woonera amaona yekha pamene zalowetsedwa chifukwa mtundu wa chithunzi umasintha.

Nkhani ya Friday the 13th Part 2, ya mu 1981 momwemo, ndi yoseketsa ndi yomvetsa chisoni nthawi imodzi. Masekondi osakwana 60 amene anadulidwa anthu anawafunafuna zaka pafupifupi 40. Anadzapezeka mu 2020 pa tepi ya VHS imene Carl Fullerton, katswiri wopanga mabala ndi magazi abodza a m'filimuyo, anasunga kuti azikumbukira ntchito yake. Tepiyo inali itamatana, ndipo akatswiri anachita kuitenthetsa mu uvuni kuti imasuke. Zithunzi zinatuluka, koma zopanda mawu. Umu ndi mmene mbiri ya filimu ya kampani yaikulu inapulumukira: m'kabati ya wantchito.

Mantha a ku Britain

Bungwe lounika mafilimu la ku Britain, BBFC, linakhazikitsidwa mu 1912, ndipo mafilimu oopsa linkawayang'ana ndi diso lofiira kuyambira kale. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera makina a vidiyo a m'nyumba, ndipo lamulo linali lisanawaganizire. Filimu yokanidwa m'holo inkatha kugulitsidwa pa tepi popanda kuunikidwa. Timakampani ting'onoting'ono tinagula mafilimu oopsa otchipa a ku Italy ndi ku America, n'kuwadzaza m'timashopu tobwereketsa matepi, zikuto zake zili magazi okhaokha. Chitsatso cha The Driller Killer mu 1982 chinaonetsa munthu akubooledwa pamphumi. Ogulitsa Cannibal Holocaust analembera kalata Mary Whitehouse, mayi wotchuka pa zolimbana ndi zolaula pa kanema, akudzionetsa ngati munthu wodandaula ndi filimu yawo yomwe. Ankafuna phokoso lowagulitsira malonda. Phokosolo linabwera, koma linawapsereza.

Nyuzipepala ya Daily Mail inayamba kampeni, ndipo dzina lakuti video nasties linafala dziko lonse. Mayi Whitehouse ananena poyera kuti sanaonereko filimu yotere ndipo sankaona chifukwa choionera. Phungu Graham Bright, amene anabweretsa bilu ku nyumba ya malamulo, anafika ponena pa wailesi yakanema kuti kafukufuku adzasonyeza kuti mafilimuwa amasokoneza ngakhale agalu. Lipoti lina la mu 1983 linati ana ambiri a sukulu anali ataonera mafilimu amenewa. Katswiri wina wa zamaganizo, Guy Cumberbatch, anabwereza mafunsowo kwa ana koma atasakanizamo mayina a mafilimu opeka, ndipo pafupifupi ana awiri mwa atatu alionse anati anaonera mafilimu amene kulibe. Mwana safuna kuoneka wotsalira pamaso pa anzake, koma lipoti lija linali litagwira kale ntchito yake.

Ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu inatulutsa mndandanda umene unafika mafilimu 72, ndipo 39 mwa amenewa makhoti anawapeza olakwira lamulo la zolaula la mu 1959. Apolisi ankalowa m'mashopu n'kulanda matepi, nthawi zina pongoyang'ana dzina. Analandako The Big Red One, filimu ya nkhondo, poiganizira zina. Mu 1984 wamalonda wina, David Hamilton Grant, anapita kundende chifukwa chogulitsa tepi ya Nightmares in a Damaged Brain imene inali yotalikirapo ndi mphindi imodzi yokha kuposa kope limene BBFC inavomereza. Chaka chomwecho lamulo la Video Recordings Act linadutsa, ndipo tepi iliyonse inayenera kukhala ndi chiphaso.

James Ferman, amene anatsogolera BBFC kwa zaka zoposa 20 kuyambira 1975, anakumana ndi filimu imodzi imene sizasi inalephera. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya mu 1974, ili ndi magazi ochepa zedi. Chimene chimaopsa ndi kukuwa, phokoso la makina ndi mantha osapuma, ndipo zimenezo sungazidule pamalo amodzi. Inangokhala yokanidwa mpaka 1999, pamene inavomerezedwa osachotsapo kanthu. The Last House on the Left inakumana ndi zachilendo mu 2002: ogulitsa anachita apilo pokana kudula masekondi 16, ndipo komiti ya apilo inachititsa kuti adule 31. Mu 2008 BBFC inaivomereza yathunthu. Ndiye mu 2009 boma la Britain linatulukira kuti lamulo la mu 1984 lija silinali ndi mphamvu kukhoti chifukwa nthawi imene linkapangidwa akuluakulu anaiwala kudziwitsa European Commission monga zinkafunikira. Analidutsitsanso mu 2010.

Pa zonsezi, mafilimu a pamndandanda uja sanafe. Kuletsako kunawapatsa mbiri imene ambiri mwa iwo sakanaipeza ndi luso lawo, pakuti kunena zoona ochuluka ndi mafilimu osalongosoka. Achinyamata ankaitanitsa matepi mozemba kuchokera ku Netherlands ndi ku Greece, n'kumakopera tepi kuchokera ku tepi inzake mpaka nkhope za anthu kusazindikirika. Mndandanda wa boma unasanduka mndandanda wa zoti munthu asake.

Moto, chinyezi ndi mphwayi

Mdani amene anamaliza mafilimu ambiri analibe ofesi kapena chidindo. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, lamba wa filimu ankapangidwa ndi nitrate, mankhwala amene akakalamba amatha kuyaka okha kukatentha, ndipo akayaka sazima ngakhale m'madzi. Mu 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inapsa ndi mafilimu ake akale ochuluka. Mu 1965 moto wa m'nkhokwe ya MGM unanyeketsa kope lomaliza lodziwika la London After Midnight ya mu 1927, ya Browning yemwe uja ndi wosewera Lon Chaney, imene mpaka pano ndi filimu yoopsa yosakidwa kwambiri. Kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 anapeza kuti pafupifupi 70 mwa 100 alionse a mafilimu aatali a ku America a nthawi ya kanema wopanda mawu anasoweratu. Ena makampani anachita kuwasungunula kuti achotsemo siliva.

Lamba wa acetate amene analowa m'malo sayaka chotero, koma ali ndi nthenda yake. Pamalo otentha ndi achinyezi amayamba kununkha viniga, amakwinyika, ndipo mpweya wake umawononganso zitini zoyandikana nazo. Makampani akuluakulu anali ndi zipinda zozizira. Wamalonda wa mafilimu otchipa ankasiya negetivi yake kumene anaitsukitsa, ndipo akalephera kulipira lendi ya malo, kapena malonda a otsukawo akagwa n'kutseka, zitini zinkapita kudzala. Palibe ankaganiza kuti filimu yojambulidwa sabata imodzi idzafunidwa patapita zaka 50.

The Wicker Man ya mu 1973 inagwa m'manja mwa mabwana atsopano amene sanaikonde. Anaifupikitsa kufika pa mphindi pafupifupi 87 kuti izionetsedwa ngati filimu yoperekeza Don't Look Now. Christopher Lee, amene anasewera m'filimuyo ndipo ankaiwerengera pakati pa ntchito zake zabwino koposa, anadandaula moyo wake wonse. Negetivi yake inasowa, ndipo mphekesera imene yakhala ikuyenda ndi yoti zitinizo zinakwiriridwa pomanga msewu waukulu. Chimene chinathandiza ndi kope limene linatumizidwa kwa wopanga mafilimu Roger Corman ku America, komanso lina limene linapezeka ku Harvard Film Archive mu 2013.

Makope opita kunja ndiwo apulumutsa mafilimu ambiri, chifukwa dziko lililonse linkadula zake. Kwa zaka zambiri okonda Dracula ya kampani ya Hammer ya mu 1958 ankamva kuti ku Japan kunapita kope lotalikirapo, ena n'kumati ndi nthano. Mu 2011 Mngelezi wina wokhala ku Japan, Simon Rowson, analipeza ku National Film Center mumzinda wa Tokyo. Mipukutu isanu yoyambirira inali itapsa pa moto wa mu 1984, koma inayi yomaliza inalipo, yowonongeka ndi madzi. Mmenemo munali chigawo chimene namapopa uja, dzuwa litamuwomba, akukanda nkhope yake ikuyoyoka. Masekondi owerengeka okha, koma anabwerera m'malo mwake patapita zaka zoposa 50. Ku Brazil, José Mojica Marins anachita zanzeru kuposa onse. Zimene boma la asilikali linkadula m'mafilimu ake ankazisunga, ndipo mu 1978 anazisonkhanitsa n'kupanga nazo filimu ina, Delírios de um Anormal. Ngakhale ounika omwe asiya chuma mosadziwa: bungwe la ku New York, limene linagwira ntchito kuyambira 1921 mpaka 1965, linkafuna mapepala a mawu a filimu iliyonse, ndipo lero mafayilo ake ndiwo umboni wokhawo wa mafilimu ambiri amene anasowa.

Kodi zonse n'zoyenera kubwezeretsa?

Pali chizolowezi pakati pa osonkhanitsa mafilimu choona sekondi iliyonse yodulidwa ngati chuma chobedwa. Ine sindigwirizana nazo. Cannibal Holocaust ya Ruggero Deodato, yojambulidwa m'nkhalango ya Amazon ku Colombia n'kutuluka mu 1980, inalandidwa ndi khoti ku Italy patangopita masiku ochepa. Imfa za anthu za mmenemo n'zabodza, koma nyama zimene zikuphedwa, kuphatikizapo kamba wamkulu ndi anyani, zinaphedwadi pamaso pa kamera. Britain ili ndi lamulo la mu 1937 loletsa kuonetsa nkhanza zenizeni zochitira nyama pofuna kupanga filimu. Mu 2001 BBFC inadula mphindi zoposa 5, mu 2011 inadula masekondi 15 okha. Deodato mwiniwake atakalamba ananena kuti anachita zopusa, ndipo anakonza kope lochepetsa zigawozo. Magazi a utoto ndi nkhani ya zimene munthu wamkulu angasankhe kuonera. Nyama yozunzidwa zenizeni ndi nkhani ina, ndipo woletsa kuigulitsa ngati zosangalatsa sanalakwe.

Komabe kusaonetsa ndi kuwononga n'zosiyananso. Mu 1930 ku America kunatuluka Ingagi, filimu yonamizira kuti ndi ulendo weniweni wa ku Belgian Congo kumene amati akazi amaperekedwa nsembe kwa anyani akuluakulu. Zambiri zinajambulidwa ku Los Angeles, nyaniyo anali munthu wovala chikopa, ndipo zina zinabedwa m'filimu yakale. Inapanga ndalama zochuluka. Ofesi ya Hays inauza maholo a mamembala ake kuti asiye kuionetsa, ndipo mu 1933 Federal Trade Commission inaletsa kuitsatsa ngati nkhani yoona. Mlandu umene unazengedwa unali wa chinyengo pa malonda, osati wa chipongwe chimene anachitira anthu a mu Africa. Filimuyi inabisika zaka zambiri, koma makope anasungika ku Library of Congress, ndipo mu 2021 inatulutsidwa pamodzi ndi ndemanga za akatswiri a mbiri. Ikanatenthedwa, bwenzi lero wina akutsutsa kuti bodza lotere linagulitsidwapo ndipo anthu ankaima pamzere kulilipira. Wofuna kuteteza ana adule kope lopita kumsika ndi kuika malire a zaka, koma negetivi ipite kunkhokwe yozizira ili yonse.

Ndiye mukaona pa chikuto cha DVD kapena pa intaneti mawu akuti filimu iyi ndi yosadulidwa, kapena kuti inaletsedwa m'mayiko makumi angapo monga ankanenera ogulitsa Faces of Death, muzikumbukira kuti amalonda awa akhala akugulitsa mawu amenewo kuyambira nthawi ya Esper. Poyerekeza utali wa makope awiri musamalenso chinthu chimodzi. Filimu ya m'holo imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pamene matepi ndi ma DVD a PAL, amene ankagwiritsidwa ntchito ku Britain ndi kuno kwathu, amayenda zithunzi 25. Filimu ya mphindi 90 imatha pa mphindi 86 ndi masekondi 24 popanda munthu kuidulapo kalikonse.